Kukonza Kumaso kwa Nyumba ndi Khonde: Madzi Kaye, Penti Pambuyo

Kuno ku Salima m'nyumba timangogonamo, kukhala timakhala pakhonde. Kuyambira Okutobala mpaka mvula itagwa, malata akamatentha ngati chiwaya, masana m'nyumba simukhalika. Nsima timadyera pakhonde, mlendo timamulonjera pomwepo, ana amalembera pomwepo za kusukulu, ndipo agogo akayala mphasa yawo sasunthanso mpaka dzuwa litapendeka. N'chifukwa chake munthu akandiuza kuti akufuna kukonza pakhomo, funso lake loyamba n'kukhala lakuti "kodi ndigule penti wamtundu wanji," ndimadziwiratu kuti ndalama zake zilowa m'madzi.

Ndikunena zimene zinandionekera. Chaka china ndinapenta khoma lakumaso mu Novembala, loyera mbee, odutsa mumsewu n'kumacheuka. Pofika Febuluwale m'munsi monse munali mutafiira ndi matope, pakona penti akusendeka ngati njoka yofundula, sitepe yapakhomo italendewera chifukwa madzi anali atakumba kunsi kwake. Penti analibe mlandu. Ine ndi amene ndinayamba ntchito chakumchira.

Wolokani msewu muyang'ane nyumba yanu

Maso a mwini nyumba amazolowera zoipa. Imani pamene mlendo amayambira kuiona nyumbayo, muijambule pafoni. Chithunzi sichinyengerera munthu. Mudzaona lata lopindika, chingwe choyanikira zovala chodutsa pakhomo penipeni, matayala akutha, ndi mulu wa njerwa umene unatsala pomanga, uja mumati "tidzaugwiritsa ntchito" chaka ndi chaka. Chotsani zonsezo tsiku lomwelo. Chingwe chipite kuseri, thandala la mbale lipite kuseri, poyanikira usipa kapena makaka pakhalenso kuseri. Palibe tambala imene mwawononga, koma pakhomo payamba kale kupuma.

Kenako fufuzani njira za madzi. Ngati kukugwa mvula, tengani ambulera muzungulire nyumba, muone pamene madzi akudenga akugwera, kumene akuthamangira ndi pamene akuima. M'chilimwe zizindikiro zimakhalapobe: mzere wa timaenje pansi pa mathero a malata, tingalande tong'ambika pabwalo, ndere zakuda m'munsi mwa khoma.

Musanakumbe paliponse, ngati nyumbayo ndi ya lendi kambiranani ndi eni ake, mugwirizane ngati ndalama zanu zidzachotsedwe pa lendi, ndipo mulemberane. Ngati muli m'mbali mwa msewu waukulu monga M5 kapena M14, kumbukirani kuti mamita 30 kuchokera pakati pa msewu ndi malo a msewu, ndipo mpanda womangidwa m'menemo tsiku lina udzalembedwa chizindikiro chofiira. Dziwaninso pamene padutsa paipi ya madzi yochokera pa mita ya Central Region Water Board, khasu lingaiboole.

Nyengo yabwino ya ntchito ya simenti ndi penti ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala: mvula yatha, makoma auma, dzuwa silinafike polusa. Mitengo ndi maluwa zidikire mvula.

Denga ndi madzi ake

Kwerani padenga m'mawa malata asanatenthe, muziponda pa mzere wa misomali pamene pali thabwa kunsi. Mwera ukamawomba mu Juni ndi Julayi umatukula malata pang'onopang'ono, misomali n'kumakhwepa. Msomali wokhwepa musangoukhomerera pabowo lomwelo, sugwira. Uzuleni, mukhome watsopano wokhala ndi mphira kumutu, pamwamba pa nthiti ya lata, osati m'chigwa moyenda madzi. Thabwa lotchinga mathero a denga likawola lisintheni, chifukwa ndi limene limapatsa nyumba mzere wowongoka munthu akaiona patali.

Tsopano madzi ogwa kudenga aja. Njira yabwino ndi kuika ngalande ya lata kapena ya pulasitiki, ija amisiri amati gatala, yopendekera pang'ono mbali imodzi, madzi azigwera mudiramu. Diramuyo ikhale ndi chivundikiro. Kuno kunyanja udzudzu sufuna kuitanidwa kawiri.

Ngati gatala simungaikwanitse chaka chino, tetezani pansi. Mangani kakhonde kopyapyala kozungulira nyumba, kotambalala masentimita 60 mpaka mita imodzi, kopitirira pamene madzi akudenga amagwera, kotsetserekera kunja. Ndalama zikavuta, yalani zidutswa za njerwa kapena miyala ing'onoing'ono pamzere umenewo. Dontho likagwa pamwala limafa, likagwa padothi limadumphira kukhoma ndi matope. Kuchokera pamenepo kumbani ngalande yosazama yotengera madzi kumtengo kapena kudimba lanu, osati pakhomo pa anzanu oyandikana nawo. Milandu ina ya kwa amfumu imayamba ndi madzi a mvula.

Pali mdani wina amene sitimuganizira: tsache. Timasesa pabwalo m'mawa uliwonse, ndipo n'zoyenera, koma tsache lililonse limanyamula dothi pang'ono. Pakatha zaka, bwalo limatsika, maziko n'kukhala pamtunda ngati mizu ya mtengo wa m'mbali mwa mtsinje. Yang'anani m'munsi mwa khoma lanu. Ngati njerwa za maziko zikuoneka, thirani dothi, mulitsindire bwino, likhale lokwera kukhoma ndi lotsika mukamatalikira. Ndipo uzani ana kuti posesa azitola zinyalala zokha, mchenga azisiya.

Izi n'zofunika kwambiri kwa amene anamanga pa makande, dothi lakuda lija lopezeka m'madambo ambiri a ku Salima. Makande amafufuma akamwa madzi, n'kung'ambika akauma, ndipo nyumba imakwera ndi kutsika nawo. Mukaletsa madzi kuima pafupi ndi maziko, mwachepetsa kuvina kumeneko.

Nsanamira ndi chiswe

Gogodani nsanamira iliyonse ndi mpeni m'munsi. Ikalira ngati ng'oma kapena mpeni ukalowa, chiswe chinamaliza kale ntchito yake m'kati. Chirikizani denga ndi mtengo wina musanaichotse. Yatsopano isakhudze dothi: iumbireni kachitsa ka konkire kotalika masentimita 15 kapena 20, ikhale pamwamba pake yogwidwa ndi chitsulo, ndipo muipake mankhwala oteteza matabwa musanaiimike. Amene angathe aike mapaipi achitsulo kapena amange zipilala za njerwa. Nkhuni zounjika kukhoma zichoke, ndi mlatho wa chiswe umenewo.

Pansi pa khonde

Apa ndi pamene pamapita ndalama zambiri, ndipo ndi pamene amisiri ena amadyera anthu. Musachoke pakhomo tsiku losakaniza simenti.

Ngati mukumanga khonde latsopano kapena kukuza lakale, lisachepere mamita 2 kuchokera kukhoma. Khonde lopapatiza limangokhala njira: mukaika mpando, wodutsa akuponda mapazi anu. Likhalenso lotsikirapo pang'ono poyerekeza ndi pansi pa m'nyumba, kuti madzi asalowe pachitseko.

Yambani ndi mchenga. Wa m'mphepete mwa nyanja usiyeni. Nthawi zambiri ndi wosalala kwambiri, ndipo kuukumba kumagumula gombe. Funani wa kumtsinje, wokhakhala m'manja. Pouyesa, thirani mchenga mubotolo mpaka theka, mudzaze madzi, mukhutchumule, musiye usiku wonse. Mukapeza matope ochindikala atakhala pamwamba pa mchengawo, musagule. Matope amafooketsa simenti.

Poyeza gwiritsani ntchito ndowa imodzimodzi pa zonse, osati fosholo, chifukwa fosholo ya mchenga wonyowa ndi ya wouma sizifanana. Konkire wa pansi: ndowa 1 ya simenti, 2 za mchenga, 4 za miyala yophwanya, wochindikala masentimita 8 mpaka 10, pa dothi lotsindiridwa bwino. Wosalalitsira pamwamba: ndowa 1 ya simenti, 3 za mchenga, masentimita 2 kapena 3. Madzi akhale ochepa. Mmisiri amakonda matope a simenti amadzimadzi chifukwa savuta kuyala, koma akauma amang'ambika ndi kumatulutsa fumbi.

Pansipo patsetserekere kubwalo, masentimita pafupifupi 2 pa mita iliyonse. Musakhulupirire maso. Muuzeni mmisiri aike levulo inu mukuona, ndipo tsiku lotsatira, musanamalize kumulipira, thirani ndowa ya madzi pafupi ndi chitseko muone kumene athamangire.

Ngati mukufuna khonde lofiira lija timalikonda, ufa wofiira usakanizidwe ndi simenti ya pamwamba pomwe ikuyalidwa. Penti wopaka pansi amatha msanga ndi mchenga wa kumapazi. Koma m'mphepete ndi pamasitepe musasalalitse ngati galasi. Khonde lopakidwa Cobra likalowa mvula yamphepo limagwetsa munthu wamkulu chagada. Pamenepo mmisiri amalize ndi thabwa, pakhale pokhakhala pang'ono. Ogula matailosi asankhenso okhakhala, osati onyezimira a m'chipinda chochezera.

Masitepe onse akhale ofanana kutalika, masentimita 15 mpaka 17, popondapo masentimita 30. Sitepe imodzi ikasiyana ndi inzake, phazi limapunthwa usiku. Ngati pakhomo pali okalamba kapena woyenda pa njinga ya olumala, mbali imodzi ikhale yotsetsereka bwino yopanda masitepe.

Mukamaliza, simenti imafuna kumwa. Ifunditseni masaka onyowa kapena udzu, muzithira madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Ambiri amathira masiku awiri n'kutopa, ndipo dzuwa la kuno silikhululuka. Nkhuku ndi agalu atsekereni kutali tsiku loyamba, apo ayi mudzakhala ndi zidindo za mapazi awo moyo wonse.

Amene khonde lawo ndi ladothi asadzione otsalira. Khonde lozira bwino ndi mtsiro, lokulungizidwa ndi mwala wosalala mpaka kuwala, limakongola ndipo silitentha kumapazi ngati simenti. Amayi a kumudzi amadziwa kumene kuli dothi lakuda, lofiira ndi loyera, ndipo mizere imene amajambula m'munsi mwa khoma penti wa m'sitolo sangaifanizire. Kufooka kwake ndi m'mphepete, momwe mumagumuka ndi mapazi ndi mvula. Mangani mzere umodzi wa njerwa ndi simenti kuzungulira m'mphepetemo, m'kati muzizira monga mwa nthawi zonse. Thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 limafika patali pa ntchito yotere.

Ming'alu

Ming'alu ili pawiri. Ina ndi yaing'ono ngati tsitsi, ya pulasitala chabe. Ina ndi yotsika mopingasa kuchokera pakona ya windo kapena chitseko, yolowa ndalama yachitsulo. Yachiwiriyi iyeseni kaye: matani kasimenti kopyapyala modutsa mng'aluwo, mulembe tsiku pambali ndi pensulo. Kakang'ambikanso pakatha mwezi kapena iwiri, ndiye kuti maziko akuyenda, ndipo pakufunika mmisiri wodziwa, osati penti.

Mng'alu umene waima ukuzeni pang'ono ndi tchizulo kuti simenti ilowe, muchotse fumbi, munyowetse, mumate ndi ndowa 1 ya simenti pa 4 za mchenga wosefa. Waukulu muyalepo waya wa khola la nkhuku musanamate. Pulasitala amene akulira phwa phwa mukamugogoda wasiyana ndi njerwa, mugwetseni, muike wina wa 1 pa 5. Kenako dikirani milungu 4 musanapake penti. Kudikira kumeneku n'kumene kunandikanika chaka chija.

Tsopano penti

Laimu musamunyoze. Ndi wotchipa, amabweza kutentha, ndipo amalola khoma kutulutsa chinyezi, zimene zimathandiza kwambiri pa nyumba ya zidina kapena yomangidwa ndi dothi. Kuipa kwake amadetsa malaya a wotsamira, ndipo amafuna kubwereza chaka ndi chaka. Munyikeni m'madzi usiku wonse, mumusungunule akhale ngati mkaka, muthiremo mchere wodzaza dzanja pa ndowa, musefe. Nyowetsani khoma, mupake mopyapyala kawiri kapena katatu. Akamapakidwa amaoneka ngati madzi chabe, kuyera kumabwera akauma, choncho musamuchindikalitse. Tetezani maso ndi manja, laimu amawotcha.

Mukasankha penti wa m'chitini, werengani kuti ndi wa kunja. Wa m'kati ndi wotchipa, koma padzuwa ndi pamvula sachedwa kufwifwa. Ngati khomalo linali ndi laimu kale, palani ndi bulashi yawaya mpaka dzanja lisamayere mukasisita, apo ayi penti adzamatirira pa laimu, laimu n'kusiya khoma. Pakani kaye penti woyambira, kenako weniweni kawiri, kuyambira kumwamba kutsika. Musalole kuti achulukitsidwe madzi kupitirira zimene zalembedwa pachitini. Ndinaonapo chitini chimodzi chikubereka atatu, khoma n'kumaoneka ngati lapakidwa thobwa.

Pakani m'mawa, mbali imene kuli mthunzi, mwera usanadzuke ndi fumbi lake. Inu a ku Nkhotakota ndi a m'mbali mwa nyanja ku Senga Bay, yang'anani kunyanja musanatsekule chitini. Mukaona utsi wakuda wa nkhungu, tizilombo touluka tija ta kunyanja, uli tolo pamadzi, tsekani, mudzapake tsiku lina. Nkhungu zikatera pa penti wosauma sizichokanso.

Za mtundu, aliyense ali ndi maso ake, koma ine ndimati woyera mbee ndi wa anthu opanda ana ndi mbuzi. Wotuwira ngati mchenga kapena wachikasu chofatsa amabisa fumbi ndipo sakoka kutentha. M'munsi muzungulize lamba wa mtundu wakuda kapena wofiirira, wokwera masentimita 50 mpaka 60, mzere wake muuwongole ndi chingwe. Lambayo ndi amene amalandira matope ndi mapazi a ana, ndipo mungamubwereze yekha chaka chamawa osakhudza khoma lonse. Mitundu iwiri pakhoma yakwana. Wachitatu, wowala, usungireni chitseko.

Chitsekocho chipaleni ndi sandipepala, muchipake vanishi kapena penti wamafuta, osaiwala kunsi kwake, kumene kumayambira kuwola. Zitsulo za m'mawindo zichotseni dzimbiri, muzipake penti wofiira woletsa dzimbiri musanapake wakuda. Galasi losweka lija munatsekapo katoni lisintheni, ndipo waya wa udzudzu wong'ambika musamusiye. Malungo a kuno sasewera.

Mthunzi, ndi kusiya mphepo idutse

Pali kachitidwe kamene kafala: munthu akapeza ndalama amatseka khonde lonse ndi khoma ndi magalasi, kutengera nyumba za ku Lilongwe. Ku Lilongwe n'kumtunda, kumazizira. Kuno mukatero mwamanga uvuni, ndipo mu Novembala banja lonse lidzasamukira pansi pa mango. Ngati mukufuna malire, mangani kakhoma kotalika masentimita 45, kokhala ndi pamwamba potambalala. Kamakhala mpando wa anthu khumi tsiku la chinkhoswe kapena la maliro. Ngati nkhawa ndi akuba, ikani zitsulo kapena njerwa zamabowo, mphepo izidutsa.

Kunsi kwa malata a khonde khomani siling'i ya bango kapena ya mphasa, musiye mpata pakati kuti mpweya wotentha uzituluka. Kusiyana kwake mudzakumva pamutu tsiku lomwelo. Khonde loyang'ana kumadzulo lipachikeni mkeka wa bango wopinda, muzitsitsa dzuwa likapendeka.

Mthunzi weniweni ndi mtengo. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma musadikire kumapeto, dzalani mvula ikakhazikika kuti mbande imwe mokwanira. Nimu amapirira dzuwa la kuno ndipo sachedwa kukula. Mango amapatsa mthunzi ndi zipatso. Chammwamba mthunzi wake ndi wochepa, koma ndiwo zili pakhomo. Dzalani chakumadzulo kwa nyumba, mamita osachepera 6 kuchokera kukhoma, kutali ndi mawaya a ESCOM. Bulugamu, mkuyu ndi kachere zisayandikire nyumba, mizu yake imafuna malo ambiri. Dzenje likhale masentimita 60 m'lifupi, m'litali ndi kuya, dothi lapamwamba mulisakanize ndi manyowa owola bwino.

Ndiye mbuzi. Anthu akangokolola, ziweto zimatayiriridwa, ndipo mbuzi ya ku Salima imadziwa mbande yatsopano kuposa mwini wake. Tsiku lodzala ndi tsiku lomwelo lotchinga. Sanjani njerwa mozungulira mosiya mabowo, kapena zikani timitengo mukulunge minga. Mukati "ndidzatchinga mawa," mawa mudzapeza kamtengo kopanda tsamba.

Maluwa musachulutse. Sankhani opirira ludzu: bougainvillea wokwera pansanamira kapena pampanda, alovera, ndi mpungabwe umene makolo ankathamangitsira udzudzu. Miphika iwiri yadothi, uku ndi uku kwa masitepe, imakongoletsa kuposa zitini makumi awiri zomwazika. Iboleni kunsi, ndipo pasakhale mbale yosunga madzi pansi pake. Madzi otsukuluzira zovala ndi otsukira mpunga ndi okwanira kuthirira. Nkhadze imapanga mpanda wolimba, koma utomoni wake ndi woopsa m'maso, ndiye pakhomo pa ana aang'ono ine sindingaidzale.

Kuchokera kumsewu kufika pamasitepe yalani kanjira ka njerwa, kotambalala mita imodzi, pa mchenga wotsindira, kokwera pang'ono kuposa bwalo. Matope a m'dzinja amathera pamenepo osafika pakhonde. Kapinga mudzale m'mbali mwake mokha, ndipo muzimudula, udzu wautali pafupi ndi khomo umaitana njoka. Mpanda wakumaso, kaya wa bango kaya wa njerwa, usabise nyumba yonse. Wa bango muudule pamwamba motsata chingwe, chifukwa kukongola kwake konse kuli pa mzere umenewo.

Nyale ndi pokhala

Babu loyera loikidwa pamwamba pa chitseko limasonkhanitsa tizilombo tonse ta m'mudzi pakhomo panu, ndipo mukatsekula timalowa nanu. Masiku a nkhungu m'mawa mumachita kusesa ndi fosholo. Nyale yowala kwambiri muiike pamtengo chapatali, mamita angapo kuchokera pakhonde, iziunikira kanjira, tizilombo tizipita kumeneko. Ya sola imachita bwino pamenepo, ndipo magetsi akazima imayakabe. Pakhonde penipeni ikani babu lofatsa lachikasu. Zokoka mawaya itanani wodziwa zamagetsi, musalumikize nokha ndi tepi.

Mipando yoluka ija imagulitsidwa m'mbali mwa msewu wopita ku Senga Bay imakhalitsa mukaipaka vanishi ndi kumailowetsa mvula ikamabwera ndi mphepo. Iwiri kapena itatu yakwana, ndi katebulo kamodzi. Pakona pakhale mtsuko wa madzi akumwa wovundikira, kukhoma msomali wopachikapo mphasa. Mpando wa agogo muuike mbali imene mphepo ya kunyanja imayambira kufika, ndipo pambali pake musiye malo oti bawo likhalepo ndi anthu awiri.